Lipoti: Momwe gulu lathu la osema ziboliboli ku Golomoti linasiyira phingo ndi mlombwa

Ndine wosema, komanso mlembi wa kagulu ka osema ziboliboli m'mudzi wina wa m'dera la Mfumu Kachindamoto, kumunsi kwa mapiri kumene msewu wochokera ku Masasa umatsetserekera ku Golomoti. Lipotili ndalemba chifukwa anzathu osema a ku Lizulu, ku Bembeke ndi kuboma la Dedza akhala akundifunsa kuti zinatiyendera bwanji titaleka kusema phingo ndi mlombwa. Ambiri amaganiza kuti tinangotula chipika china n'kunyamula china. Sizinali choncho. Titasintha mtengo wosema, tinakakamizika kusinthanso mtengo wogulitsira ndi kagawidwe ka ndalama, ndipo pamenepo ndi pamene panavuta.

Kumene tinachokera

Ambirife luso tinalitenga kwa amalume kapena akulu athu, ndipo ena mwa iwo anaphunzira ku Mua. Mishoni ya Mua inayamba mu 1902, ndipo mu 1976 Bambo Claude Boucher, amene kuno timawatchula kuti Achisale, anatsegula malo a luso ndi chikhalidwe a KuNgoni. Kuchokera kumeneko kusema kunafalikira m'midzi yozungulira, mpaka kunali kovuta kupeza mudzi wopanda kugogoda kwa kasemasema m'mawa.

Mitengo imene tinaleredwa nayo ndi phingo, mlombwa ndi muwanga. Aliyense amene anagwirapo phingo akudziwa chifukwa chake timaukonda. Mtima wake ndi wakuda, wolimba, wolemera moti umamira m'madzi, ndipo ukausalaza umawala wokha popanda kupaka kanthu. Ungathe kusemapo chikope cha diso kapena chala cha khanda osabenthuka. Mlombwa nawo ndi wofatsa: sung'aluka chisawawa, chiswe sichiukonda, ndipo umamvera tchizulo. Koma phingo amatenga zaka 70 mpaka 100 kuti akule kufika posemeka. Umene ndingadule lero unamera agogo anga asanalowe m'banja.

Ndili mnyamata tinkapita kuphiri m'mawa n'kubwera ndi chipika dzuwa lisanatenthe. Kenako ulendo unasanduka wa tsiku lonse. Pamapeto pake tinaleka kupita tokha, tinayamba kugula kwa anyamata obwera ndi zipika panjinga usiku. Zina zinkachokera m'nkhalango yotetezedwa ya Mua-Livulezi, zina kutsidya ku Mozambique. Palibe amene ankafunsa, ndipo inenso sindinkafunsa. Phingo atasowa, kunabwera chizolowezi chosema mtengo woyera, kuupaka polishi wakuda wa nsapato, n'kumauza mlendo kuti ndi phingo weniweni. Inenso ndinagulitsapo zotere, ndipo ndikulemba pano chifukwa ndi mbali ya nkhaniyi.

Ndinene chilungamo pa chinthu chimodzi. Osema sindife amene tameta mapiri a Dedza ndi Ntcheu. Makala, nkhuni, zigafa za fodya ndi kutsegula minda zimadya mitengo yochuluka kwambiri kuposa ife. Vuto lathu ndi losiyana: ife timasankha. Wootcha makala amadula chilichonse, pamene wosema amadutsa mitengo yonse n'kukaima pa phingo kapena mlombwa waukulu, wowongoka, umene ukanamwaza mbewu m'nkhalangomo. Motero nkhalango imaoneka yobiriwira ukaiyang'ana uli pamsewu, koma mitundu ina mulibenso.

Chimene chinatikankha

Mu 2020 matenda a Covid-19 anatseka njira za alendo, ndipo ziboliboli zinangokhala pathandala n'kumadya fumbi. Chaka chomwecho lamulo la zankhalango la 1997 linakonzedwanso ndipo zilango zinakula. Mnzathu wina anagwidwa ndi zipika za mlombwa zopanda chiphaso. Analandidwa zipikazo ndi njinga yomwe, ndipo kuti alipire chindapusa anagulitsa mbuzi zimene mkazi wake ankaweta.

Kunja nako zinthu zinali zitasintha. Pamsonkhano wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zimene zili pangozi yakutha, ku Johannesburg mu 2016, mitengo ya banja la phingo inaikidwa pamndandanda wa zinthu zofuna chilolezo podutsa malire a mayiko, ndipo izi zinayamba kugwira ntchito mu Januwale 2017. Mlendo wonyamula kanjovu kamodzi savutika, chifukwa zosemasema zosapitirira makilogalamu 10 pa katundu mmodzi zinachotsedwa pa lamuloli, koma bokosi lalikulu la malonda limafuna mapepala. Mu 2022 ku Panama anaonjezerapo mlombwa, mbawa ndi msambamfumu za mu Africa. Izi zikukhudza makamaka zipika ndi matabwa, komabe ogula akunja akangomva maina amenewa amabwerera m'mbuyo.

Ndiye kudzera kuparishi tinalumikizana ndi mayi wina amene amagulira sitolo ina ku Ulaya. Ankafuna ziboliboli za Khirisimasi: Mariya, Yosefe, khanda m'chodyera ng'ombe, abusa ndi nkhosa. Anati adzagula chaka ndi chaka ngati tingamuonetse kumene mtengo uliwonse wachokera, ndiponso ngati aliyense wogwirapo ntchito alipidwa moonekera, popanda ana ojomba kusukulu. Mlangizi wa zankhalango wa kwathu anatiuza za osema a mtundu wa Akamba ku Kenya, amene mitengo yawo yolimba itayamba kutha anatembenukira ku nimu, mango ndi jakaranda. Tinayang'ana m'mudzi mwathu: nimu alipo, mango ali ponseponse, malaina ngosayamba. Tinavomera tsiku lomwelo.

Katundu woyamba

Tinagula mango wamkulu, tinaudula, ndipo pasanathe sabata tinali titayamba kusema. Mtengo wauwisi umasemeka mokoma, kasemasema amangolowa ngati m'dzungu. Tinasalaza, tinapaka, tinalongedza m'mapepala apulasitiki kuopa fumbi, katundu anapita.

Patapita miyezi ingapo zithunzi zinabwera pa WhatsApp. Yosefe anali atang'aluka kuchokera pamutu mpaka kuphazi. Nkhosa zinali ndi chuku ndi madontho akuda. Pansi pa abusa ena panali ufa, kusonyeza kuti mkati mwafumbwa. Mayi uja sanakalipe, koma analipira zokhazo zimene zinafika zabwino, ndipo zinali zochepa.

Chimene chinachitika n'chakuti mtengo wongodulidwa umakhala ndi madzi ambiri, ndipo pouma umachepa. Koma suchepa mofanana mbali zonse: mozungulira, motsata mizere ya zaka, umachepa pafupifupi kawiri kuposa kuchokera pakati kupita kukhungwa. Chipika chathunthu chimene mtima wake uli pakati chimadzikoka chokha mpaka ching'aluke. Ife tinasema Yosefe aliyense pa nthambi yathunthu, mtima uli pakati penipeni. Pamwamba pa izi, nyumba za ku Ulaya amazitenthetsa m'nyengo yozizira, mpweya wake ndi wouma kwambiri, choncho kuuma kumene kukanatenga miyezi kunachitika m'masabata. Pulasitiki uja anatsekera chinyezi paulendo n'kubereka chuku. Phingo ndi mlombwa zinkatibisira umbuli umenewu, chifukwa zipika zinkatifika zitauma kale kuthengo.

Pamsonkhano wathu, mkulu wina amene anaphunzitsa ambirife anangoti, "Ana inu, mango ndi chakudya cha ana, si mtengo wosema." Tinaganiza kuti akunena za kung'aluka. Mawu a akuluakulu akoma akagonera: sabata yotsatira tinaitanidwa kubwalo la anyakwawa.

Mlandu wa mango

Mango uja tinagula kwa bambo wa panyumbapo, ndipo ndalama analandira ndi iye. Koma bamboyo ndi mkamwini. Malowo ndi a banja la mkazi wake, ndipo mtengowo anadzala ndi agogo a mkaziyo amene anamwalira kale. Apongozi ake aakazi ndi mwinimbumba sanafunsidwe. Pabwalo mayi wokalambayo sanalankhule za ndalama. Anati mtengowo ndi umene unkagoneka adzukulu ake m'mwezi wa Disembala ndi Januwale, nkhokwe zikakhala mbee, pamene ana amadya mango ophika aawisi kuti apeze mphamvu zopitira kusukulu. Anatifunsa kuti, "Inu abambo, chaka chino ndiwapatsa chiyani? Chiboliboli?"

Pa zonse zimene zinatichitikira, ichi ndi chimene chinandipweteka kwambiri. Tinathawa kuononga nkhalango n'kukaononga pakhomo pa munthu, uku tikudzitcha osamala chilengedwe. Anyakwawa anatigamula kulipira mbuzi ndi kudzala mango ena pamalopo, n'kuwasamalira mpaka atagwira. Tinatero, koma mango wodzala lero sadyetsa mwana chaka chino.

Kuyambira pamenepo sitidula mango wobereka, ngakhale mwini wake atatinyengerera chifukwa cha njala. Timatenga okhawo ogwa ndi mphepo, okalamba osiya kubereka, kapena nthambi zosadzidwa. Mtengo uliwonse, kaya malaina kaya nimu, tisanaugule pamakhala mayi wa pamalopo, mwinimbumba ngati ali pafupi, ndi mboni yochokera kwa anyakwawa. M'kaundula ndimalemba tsiku, mtundu wa mtengo, mudzi, amene walandira ndalama, ndipo onse amasaina kapena kudinda chala. Chipika chilichonse chochokera pamtengowo timachilemba nambala ndi penti, ndipo nambala yomweyo imalembedwa pansi pa chiboliboli.

Kuumitsa

Apa ndikhalitsapo, chifukwa anzathu amene akufuna kutsata njirayi agwa kapena kuima pomwepa.

Timadula m'chilimwe, kuyambira Meyi, mvula itatha. Tsiku lomwelo timasenda khungwa, poti tizilombo tofumbwitsa timayambira pansi pa khungwa, makamaka pa mango. Kenako chipika timaching'amba pakati ndi sowo, motsata mtima, ndipo chikakhala chachikulu timaching'amba panayi. Kachigawo ka mtima weniweniwo timakachotsa, kamapita kunkhuni. Chiboliboli chilichonse chizichokera pa chibenthu, osati pa nthambi yathunthu. Kumapeto kwa chibenthu chilichonse timapakako phula losungunula kapena penti wotsala, chifukwa madzi amathawira kumapeto mofulumira ndipo ming'alu imayambira komweko.

Timasanja pathandala lokwera, m'chisakasa cha udzu chopita mphepo, n'kuika timitengo pakati pa mizere kuti zisagundane. Padzuwa ayi. Dzuwa la ku Golomoti la mu Okutobala limang'amba nimu tsiku limodzi. Anzathu a kumtunda ku Dedza vuto lawo ndi lina: chifunga ndi kuzizira kwa Juni ndi Julayi zimachedwetsa kuuma ndipo chuku chimagwira msanga, choncho iwo asanje motalikitsa.

Pakapita miyezi ingapo timasema mongoyerekeza, kuchotsa nyama yambiri koma osafika pankhope ndi zala, n'kubwezeranso pathandala. Kuti tidziwe ngati chauma sitidalira kugogoda kapena kununkhiza. Tinagula sikelo yonga ya ogulitsa nyemba pamsika. Pa gulu lililonse timasankhapo ziboliboli zingapo, timaziyeza Loweruka lililonse, ndipo kulemera kwake ndimalemba ndi pensulo pansi pake. Nambala ikaleka kutsika kwa masabata atatu otsatizana, ndiye timamaliza kusema. Malaina amatenga nthawi yaitali kwambiri, amasunga madzi mkati kunja akuoneka wouma, koma akauma sapindika ndipo sang'aluka. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Polongedza tinasiya pulasitiki, timakulunga m'mapepala.

Vuto la njirayi ndi ndalama. Ukagula mtengo mu Meyi, phindu lake udzaliona kumapeto kwa chaka kapena chaka chinacho, pamene wogula phingo wa usiku amasema mawa n'kugulitsa mkuja. Chaka choyamba tinakongola kubanki m'khonde ya amayi kuti tigule mitengo, ndipo chiwongoladzanja chinatiluma. Tsopano wogula aliyense wa katundu wambiri amapereka theka la ndalama poyamba. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, sandipepa, guluu ndi thiransipoti zinakwera mtengo tili pakati pa ntchito imene tinagwirizana kale, ndipo tinataya. Panopa pangano lililonse limanena kuti ndalama ikagwa tikambirananso.

Dzanja linasinthanso

Malaina ndi wofewa ndi woyera. Tchizulo chikangobuntha pang'ono amachita ubweya, ndipo zala zopyapyala zimathyoka. Tinayamba kunola kawirikawiri ndi kusintha kasemedwe: manja a Mariya agundane ndi chifuwa, ndodo ya m'busa itsamire thupi, miyendo ya nkhosa ikhale yonenepa. Poyamba ndinkaona ngati tikuchepetsa luso. Pano ndimaona kuti nkhope zathu zayamba kufatsa, ndipo munthu amayang'ana maonekedwe a chinthucho m'malo mwa kuwala kwa mtengo. Nimu, amene ndi wa banja limodzi ndi mbawa, ndi wofiirira ndipo amalola tinthu ting'onoting'ono, choncho nkhope zofuna tsatanetsatane timasema pa iye. Jakaranda timapeza mwa apo ndi apo kuboma la Dedza akamasadza mitengo.

Polishi wa nsapato tinamusiya. Timapaka phula la njuchi losakaniza ndi mafuta pang'ono, ndipo phulalo timagula kwa oweta njuchi m'nkhalango ya mudzi wathu. Pamsewu malonda a zoyerazi ndi ovuta. Wogula amanyamula chiboliboli m'manja kuyesa kulemera, chikapepuka amachibweza n'kufunsa chakuda. Timamuuza dzina lenileni la mtengo ndi mudzi umene wachokera. Ena amagula chifukwa cha zimenezo, ambiri amapita pa thandala la mnzathu.

Ndani amalipidwa

Chiboliboli chimadutsa m'manja ambiri: mwini mtengo, wocheka, wosema, wosalaza, wopaka, wogulitsa. Ntchito yosalaza ndi sandipepa ndi yaitali, yotopetsa, ndipo fumbi lake limalowa m'chifuwa. Kwathu ankaigwira ndi akazi athu ndi ana, ulele. Nditati tilembe malipiro a wosalaza pa chiboliboli chilichonse, msonkhano unatentha. Mnzanga wina anati, "Achimwene, mkazi wanga ndimulipire bwanji? Ndalama n'za nyumba imodzi." Amene anamuyankha ndi mlamu wanga, amene wasalaza kwa zaka zambiri. Anati ngati n'za nyumba imodzi, palibe cholakwika kuti zina zilowere m'manja mwa mayi, poti zikalowera m'thumba la abambo zimayamba zadutsa pamsika wa Golomoti. Amayi anaombera m'manja, ndipo nkhaniyo inathera pomwepo.

Tsopano gawo la wosalaza limapita kwa iye mwini, pamanja kapena pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo amasaina m'kaundula. Amayi atatu alowa m'gulu ngati mamembala okhala ndi mawu, ndipo mmodzi ndiye msungichuma. Amasalazira panja, kumbali yochokera mphepo, atavala zotchinga pamphuno. Mmodzi wayamba kusema nkhosa yekha.

Za ana sizinavute kwambiri, chifukwa kuno nkhani ya sukulu Mfumu Theresa Kachindamoto anailimbikitsa kalekale pamene ankathetsa maukwati a ana ndi kuwabwezera m'kalasi. Tinagwirizana kuti mwana asapezeke pamalo osemera nthawi ya sukulu, ndipo asapatsidwe ntchito ya katundu wogulitsa. Koma Loweruka ndi patchuthi amabwera kudzaphunzira pa zibenthu zotsala. Mayi wa ku Ulaya uja poyamba sanafune ngakhale zimenezi. Ndinamulembera kuti luso limeneli silili m'buku, limalowa m'dzanja mwana akadali wamng'ono, ndipo tikawathamangitsa onse sipadzakhala wosema. Anamvetsa.

Zonsezi zinakweza mtengo wa chiboliboli chathu. Ndi pamene ndinazindikira kuti kutchipa kwa kale kunkachokera pa zinthu ziwiri zimene sitinkalipira: nkhalango ndi thukuta la amayi.

Kudzala

Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Tili ndi nazale yaing'ono ya malaina ndi nimu, ndipo aliyense wotigulitsa mtengo timamupatsa mbande. Kudzala n'kosavuta, chovuta ndi mbuzi m'chilimwe, chiswe, ndi moto wa osaka mbewa. Chaka choyamba zambiri zinafa. Tinaleka kuwerenga mbande zogawidwa, timawerenga zimene zapulumuka chilimwe, ndipo mwini wake amalandira kangachepe pa mtengo uliwonse wamoyo.

Mlombwa m'machubu unatikanika. Njere zake zimamera movuta, ndipo kambande kake kamauma kumtunda chaka ndi chaka kwa zaka zingapo uku kakukulitsa muzu pansi, moti wosadziwa amati kafa n'kulimapo. Chimene chikuoneka kuti chikuthandiza ndi kusamala mphukira za pazitsa m'nkhalango ya mudzi, mogwirizana ndi komiti yoona zachilengedwe: kupatulira n'kusiya mphukira imodzi kapena ziwiri zamphamvu, ndi kulambula njira zotchinga moto udzu usanaume. Pa zitsa zimene amalume athu anadula, pali phingo amene tsopano wandipitirira msinkhu.

Pamene tafika

Katundu wachiwiri ndi wachitatu anafika bwino, kupatula nkhosa zochepa za nimu zimene tinazifulumizitsa. Ndalama sizinachuluke kuposa nthawi ya phingo, koma zimabwera pa nthawi yodziwika, ndipo palibe amene amagona kukhosi kuli chinthu akamva galimoto yaima usiku. Anzathu awiri anatuluka m'gulu, akupitiriza kusema phingo, ndipo pamsewu amagulitsa kuposa ife. Sindiwanyoza, ali ndi ana ofuna fizi, ndipo msika wa kuno ukufunabe chakuda. Kudalira wogula mmodzi wakunja kumandidetsa nkhawa, choncho tayamba kuonetsa katundu m'maparishi ndi m'malo ogona alendo ku Lilongwe ndi kunyanja. Chisakasa choumitsira chikudontha mbali imodzi ndipo chifunika kufoleredwa mvula isanagwe.

Pali nkhani imodzi imene sitinagwirizanebe. Mkulu uja amene anatichenjeza za mango wapempha kuti gulu lilole zitsa za phingo zozulidwa m'minda. Akuti n'zakufa kale, alimi amangozitentha, ndipo iye safuna kumwalira dzanja lake litaiwala phingo. Ena tikuopa kuti tikangotsegula khomo limenelo, anyamata ayamba kuzula zitsa zamoyo m'nkhalango, zomwe zija zikuphukira, n'kumati zachokera m'munda. Ine ndikuganiza kuti tilole pokhapokha mlangizi wa zankhalango ndi a komiti ataona chitsacho chikadali m'nthaka, n'kuchilemba nambala monga timachitira ndi malaina. Msungichuma wathu akukana ndithu, akuti mboni zimagulika. Tapempha anyakwawa kuti tidzaikambe pabwalo pamodzi ndi a komiti tikatha kukolola, ndipo mpaka tsikulo chitsa chimene mkuluyo anabweretsa chili pakona ya chisakasa, chosasemedwa.